Kamera yatsopano yapakatikati kapena ya akatswiri yogwiritsidwapo kale ntchito?

FUNSO: Ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Canon 600D yokhala ndi lenzi ya 18-55mm yomwe inabwera nayo, komanso ya 50mm f/1.8 yomwe ndinagula pambuyo pake. Tsopano ndasunga ndalama zogulira kamera ina, koma ndagwira njakata. M'bale wanga wa ku Johannesburg akuti atha kunditumizira Canon EOS R10 yatsopano, pomwe munthu wina ku Blantyre akugulitsa Canon EOS 5D Mark III yomwe waigwiritsa ntchito nthawi yaitali, ndipo mitengo yake sikusiyana kwenikweni. Kanema amajambula ndi mnzanga, ine ntchito yanga ndi zithunzi zokha. Kodi ndigule iti?

Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa chofotokoza ntchito yanu momveka bwino, pakuti yankho la funso limeneli limatengera zomwe munthu amajambula. Kwa inu amene mumalipidwa pojambula maukwati, ndipo kanema si udindo wanu, ine ndingasankhe 5D Mark III, pokhapokha mutaiona ndi maso anu, kuiyesa mokwanira, ndiponso mutatsala ndi ndalama yogulira lenzi ina. Zinthu zitatuzi zikalephereka, R10 ndiyo yoyenera.

Chifukwa chachikulu chomwe ndikunenera choncho ndi makhadi osungiramo zithunzi. 5D Mark III, yomwe inatuluka mu 2012, ili ndi malo awiri olowetsamo makhadi, ena a CompactFlash ndi ena a SD, ndipo mutha kuitchera kuti chithunzi chilichonse chizisungidwa pa makhadi onse awiri nthawi imodzi. R10, yomwe inatuluka mu 2022, ili ndi malo amodzi okha a SD. Makhadi amafa osachenjeza, makamaka achinyengo omwe ali mbwee m'misika, olembedwa dzina la kampani yodziwika koma m'kati mwake muli zina. Munthu wojambula mbalame kapena mapiri khadi likamufera amabwereranso mawa lake, koma mkwati ndi mkwatibwi sangavekanenso mphete kachiwiri, ndipo ankhoswe sadzamva kuti vuto linali la khadi. Dziwani chabe kuti malo a SD a 5D Mark III amalemba pang'onopang'ono, moti mukamajambula zithunzi zambiri motsatizana kamera imayamba kudikira khadilo. Ojambula ambiri amathana nazo posunga zithunzi za RAW, zomwe ndi zazikulu zosafinyidwa kwambiri, pa CompactFlash ndi za JPEG, zomwe ndi zocheperapo, pa SD.

Chachiwiri ndi batire. Malinga ndi muyeso womwe makampani opanga makamera amagwiritsa ntchito, batire la LP-E6 la mu 5D Mark III limajambula zithunzi pafupifupi 950 lisanathe moto, pomwe la LP-E17 la mu R10 silifika ngakhale theka la chiwerengero chimenechi, chifukwa kamera yopanda kalilole m'kati ngati R10 imadya moto nthawi yonse yomwe mukusuzumiramo. Ukwati womwe wayamba m'mamawa ndi kukonzekera kwa mkwatibwi, n'kupita ku tchalitchi, kenako ku perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa, mwinanso kumudzi komwe kulibe magetsi, umafuna mabatire atatu kapena anayi pa R10, pomwe awiri amakwanira pa 5D.

Za ubwino wa zithunzi, musamvere amene amati kamera ya akatswiri imaposa inzake pa chilichonse. N'zoona kuti sensa ya 5D Mark III, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi yaikulu, ya mamilimita 36 ndi 24, kuposa ya R10 kawiri ndi theka, ndipo m'tchalitchi chamdima momwe abusa salola fulashi, zithunzi zake pa ISO yokwera, yomwe imathandiza kamera kujambula pamdima, zimatuluka ndi timadontho tochepa. Komanso imatha kuchititsa kuti kumbuyo kwa munthu kuoneke mwachimbuuzi, zomwe akwati ambiri amazikonda. Koma zaka khumi zomwe zili pakati pa makamera awiriwa si zochepa. Mukajambula mkwatibwi wovala zoyera padzuwa la masana pafupi ndi mkwati wovala suti yakuda, n'kufuna kuwalitsa mbali zakudazo pa kompyuta, 5D Mark III imaonetsa timadontho ndi timizere m'malo amdimawo, pomwe R10 imapirira bwino. Pa mamegapikiselo palibe chokanganirana, chifukwa 5D ili ndi 22 pomwe R10 ili ndi 24.

Pomwe R10 ilibe mnzake ndi pa kulunjika. Imazindikira nkhope ndi diso la munthu n'kumalitsata yokha, ngakhale munthuyo akuvina kubwera komwe muli. 5D Mark III ili ndi malo olunjikira 61, ndipo amagwira ntchito bwino ndithu, koma ndi inu amene muyenera kusankha malowo ndi chala chachikulu mukusuzumira. Popeza mwazolowera 600D, yomwe ili ndi malo 9 okha, zimenezi sizikuvutani. R10 imalemeranso magalamu 429 okha pomwe 5D imafika pafupifupi 950, ndipo imatumiza zithunzi ku foni yanu popanda chingwe, zomwe 5D Mark III singachite payokha. Mukanakhala kuti mumajambulanso kanema, sindikanazengereza kukuuzani kuti mugule R10, pakuti imajambula 4K ndi kulunjika yokha, pomwe inayo imalekezera pa 1080p, kanema wosaoneka bwino ngati wa 4K.

Tsopano nkhani ya malenzi anu, yomwe ndikuona kuti simunaiwerengere. Lenzi ya 18-55mm ndi ya mtundu wa EF-S, wopangidwira makamera a sensa yaing'ono, ndipo singalowe n'komwe pa 5D Mark III. Musayese kuikakamiza. Mukagula kamera imeneyi mudzatsala ndi 50mm yokha, yomwe idzakhala yabwino kwambiri pa zithunzi za anthu awiri kapena atatu, koma singakwanire kujambula gulu lonse la operekeza pa khomo la tchalitchi ngati malo obwerera m'mbuyo ndi ochepa. Mudzafunika lenzi ngati EF 24-105mm f/4L, yomwe inapangidwa yambiri ndipo yogwiritsidwapo kale ntchito imapezeka pamtengo wabwino tsopano pamene ojambula ambiri akusamukira ku makamera a RF, opanda kalilole m'kati ngati R10, omwe Canon inayamba kupanga mu 2018. Pa R10 malenzi anu onse awiri adzagwira ntchito, koma kudzera pa adaputala ya EF-EOS R, yolumikizira malenzi akale ku kamerayi, yomwe nthawi zambiri imagulidwa payokha, ndipo 50mm idzapitiriza kuoneka ngati 80mm monga imachitira pa 600D, chifukwa cha kuchepa kwa sensa. Choncho powerengera mtengo, ikani 5D pamodzi ndi lenzi ndi khadi la CompactFlash mbali imodzi, ndipo R10 pamodzi ndi adaputala, mabatire owonjezera ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko mbali inayo.

Mukapita ku Blantyre, pitani ndi laputopu, chingwe cha USB, lenzi yanu ya 50mm ndi makhadi anu, ndipo musalole kuti wogulitsa akufulumizitseni. Canon inapanga shata ya 5D Mark III, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, kuti ithe kutseguka ndi kutseka maulendo 150,000. Ena imawapitirira kutali, ena imawafera isanafike, koma kamera ya wojambula maukwati yomwe yadutsa chiwerengero chimenechi iyenera kutsika mtengo kwambiri, chifukwa kusintha shata n'kodula ndipo zipangizo za makamera akale zimanka zisowa. Chiwerengero cha maulendo omwe shata yagwira kale ntchito sichioneka pa kamera penipenipo, muyenera kuilumikiza ku kompyuta yokhala ndi pulogalamu yowerengera shata. Musakhulupirire nambala yomwe ili pa dzina la chithunzi, chifukwa imeneyo imabwerera pa 1 ikafika 9,999 ndipo aliyense atha kuisintha.

Kenako tsegulani chitseko cha makhadi n'kuunikira ndi tochi ya foni m'malo olowera CompactFlash. Pansi pake pali timawaya tating'ono 50 toimirira m'mizere iwiri, ndipo kamodzi kokha kakapindika, malowo atha kuleka kugwira ntchito, ubwino wa makhadi awiri uja n'kuthera pomwepo. Jambulani khoma loyera pa f/16, kutanthauza mutachepetsa bowo la lenzi, n'kukulitsa chithunzicho pa laputopu. Timadontho ta fumbi timachoka poyeretsa, koma mzere wa kukandika kapena zooneka ngati ulusi wa kangaude, chomwe ndi chuku chobwera ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja, ndi chifukwa chokwanira chobwerera osagula. Onani ngati tizitsulo tomangira kamera tachita dzimbiri kapena taphwanyika mitu, chizindikiro chakuti inanyowapo kapena inatsegulidwapo ndi munthu wosadziwa. Yesani batani lililonse, malo oikapo fulashi, popeza kamerayi ilibe fulashi yakeyake, ndiponso tsamba la mu menyu loonetsa thanzi la batire. Pomaliza funsani lisiti kapena umboni wina wa komwe inachokera, n'kulemba nambala ya kamerayo pa kalata yogulitsirana yomwe nonse musaine pamaso pa mboni.

Za R10 ya ku Johannesburg, m'bale wanuyo afunse kusitolo ngati chitsimikizo chokonzera kamera ikawonongeka chimagwira ntchito kunja kwa South Africa, chifukwa kawirikawiri imayenera kubwezedwa komwe inagulidwa, ndipo ndalama yotumizira imakhala yanu. Iliyonse yomwe musankhe, 600D yanu musaigulitse. Muzipita nayo ku ukwati uliwonse ili ndi batire lodzaza ndi lenzi ya 18-55mm, kuti inzakeyo ikakana ntchito pakati pa mwambo muthe kupitiriza kujambula.