Mwapeza chamba m'thumba la mwana, ndiye mutani?

Mayi wina wandilembera kuti wapeza kampukutu ka chamba m'thumba la yunifolomu ya mwana wake wa Fomu 2. Akufunsa ngati amukwapule kapena amutumize kumudzi kwa agogo ake. Mayi, kalata yanu yandisowetsa tulo, chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo.

Ndinayamba ndili ndi zaka 15. Tikaweruka tinkakhala kuseri kwa chigayo, ndudu imodzi ikuzungulira anyamata asanu, kenako n'kutsitsira timasacheti tija boma lisanatiletse mu 2015. Bambo atadziwa anandikwapula ndi lamba mpaka kukhala pansi kunavuta. Chimene ndinatolapo n'kumatafuna masamba a bulugamu ndisanalowe m'nyumba. Basi.

Anandizula kumeneko ndi amalume, kalipentala, amene za chamba sanazitchule n'kamodzi komwe. Anangoti, "Mphwanga, 4 koloko uzibwera udzandigwirire matabwa." Tsiku lina ndinajomba. Anandilondola mpaka kuchigayo, utuchi uli mbuu m'tsitsi, n'kungoima chete akundiyang'ana. Manyazi ake! Patatha miyezi itatu ndinakhoma mpando wanga woyamba, wopendekera ndithu, koma anaugulitsa n'kundipatsa ndalama yonse.

N'chifukwa chake misonkhano yoopseza ana kuti mankhwala ozunguza bongo amapengetsa imanditopetsa. Mwana wake uti sakudziwa zimenezo? M'dziko la Iceland mu 1998, ana 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 ankati analedzerapo mwezi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5 okha. Akuluakulu a kumeneko sanachite kulalikira. Anakhazikitsa lamulo loti ana a zaka 13 mpaka 16 asapezeke panja ikakwana 10 koloko usiku nyengo yozizira, anathira ndalama m'masewera ndi nyimbo, makolo nawonso anagwirizana zomacheza ndi ana awo. Kwathu kuno bwalo limene tinkamenyerapo chikulunga analidula mapuloti, pano pali malo awiri omwera mowa. Ndiye tizidabwa chiyani?

Nanga inu mayi

Lamba musiyeni, kumudzinso chamba chiliko, mwina chotchipa kuposa m'tauni. Mufunseni mofatsa kuti anayamba liti, amasuta ndi ndani. Pezani munthu wamkulu amene mwanayo amamulemekeza, kaya amalume ake, kaya kochi kapena wotsogolera kwaya, woti azimudikira tsiku lililonse akaweruka ndipo azikuimbirani akajomba. Akayamba kusowa tulo, kulankhula yekha kapena kulephera kusiya, pitani naye kuchipatala msanga. Ngati muli kumpoto, ku St John of God ku Mzuzu amathandiza otere.