Nyanja ndi imodzi, nanga bwanji magombe ake amasiyana?

Aphunzitsi ena a jogalafe andilembera imelo. Akuti ana a m'kalasi mwawo anawafunsa chifukwa chimene gombe la ku Nkhata Bay lili la miyala pamene la ku Senga Bay ndi mchenga wokhawokha, chonsecho nyanja ndi yomweyo. Zikomo aphunzitsi, funsoli landisangalatsa kwambiri.

Yambani ndi pansi pomwe nyanjayi inakhala. Ili m'chigwa chomwe chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira. Kuyambira ku Nkhata Bay kupita cha ku Usisya ndi Ruarwe, mapiri amatsetsereka molunjika m'madzi, ndipo cha kumeneko ndi komwe nyanja inazama kwambiri, pafupifupi mamita 700. Mchenga womwe watsika ndi timitsinje ta kumeneko umasowa pokhazikika, umangopitirira kuya. Chotsala pagombe ndi matanthwe olimba a gneiss. Ku Cape Maclear nakonso miyala yoburungira ija, ya granite, ndi yosagonja msanga ku mafunde.

Komatu mwala ngakhale ulimbe chotani umafumbutuka. Mbali ina ya granite imasanduka dongo, madzi n'kulitenga. Timibulu toyera tonyezimira ta quartz sitiola, ndipo ndito mchenga umene timaponda ku Senga Bay. Ku Salima ndi ku Nkhotakota dziko ndi lathyathyathya, ndipo mitsinje ya Linthipe, Bua ndi Dwangwa imabweretsa mchenga wochuluka m'dzinja.

Apa ndi pomwe ndikufuna anawo amvetsetse, chifukwa ambiri amaganiza kuti mchenga umakhala pomwe mtsinje wautula. Ayi. M'miyezi yozizira mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, choncho mafunde amafika pagombe mopingasa. Funde limakankha kamchenga kukwera nako chammbali, kenaka madzi pobwerera amatsika nako molunjika. Lotsatira limachitanso chimodzimodzi. Pang'onopang'ono mchenga umayenda motsata gombe kulowera kumpoto. Mukadzapita ku Nkhotakota mudzaone Sungu, kamtunda ka mchenga kotalika komwe kanalowa m'nyanja n'kutchinga doko. Ndi ntchito ya mwera imeneyo.

Mchenga unatsekapo ngakhale Shire. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi a m'nyanja anali otsika, milu ya mchenga ndi zomera zinatchinga njira, ndipo nyanja inasiya kuthira mu Shire.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi matope. Mitengo ikatha kumtunda, mitsinje imabwera yofiira, ndipo matopewo amakuta ndere za pamiyala zomwe mbuna zimadya. Nsombazi sizipita kutali ndi miyala yake, ndiye zimavutika pomwepo.

Ngati mungathe kupita ndi anawo kunyanja tsiku la mwera, ponyani kamtengo pomwe mafunde akuswekera, ayeze mtunda womwe kayende m'mphindi 10 ndi mbali yomwe kalowere. Atapenso mchenga m'botolo la madzi, akhutchumule, aone zomwe ziyambe kudikha pansi.