Anankafumbwe ndi chuku zinandidyera mpamba

Achimwene, mwafunsa kuti geni yotulutsa mbewu kunja imayenda bwanji. Za mapepala mukamva konko, ine ndikuuzeni za thumba.

Ndagula chimanga ndi mtedza kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga, zaka zoposa khumi, ndipo palibe venda angandipusitsenso. Ndimapisa dzanja mpaka pakati. Thumba likamafunda chonsecho lili pamthunzi, musagule, ngakhale mwiniwake agwade.

Chaka china ndinatenga matumba 120 a chimanga motchipa. Ndinaona ndithu ufa pansi ndi anankafumbwe akuyenda pamsoko, ena a mtundu waukulu uja unalowera ku Karonga kuchokera ku Tanzania, woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Ndinati ndithira Actellic basi. Anafadi, koma ntchito yawo anali atagwira kale. Kachilombo kameneka sikangodya ayi. Kamatenga fumbi la chuku kumiyendo ndi pathupi kuchoka pa njere yovunda, n'kukalowa nalo mu yabwino pabowo lomwe kaboola. Tizilomboti tikachuluka, thumba limatentha n'kumachita thukuta, ndiye chinyezi cha kunyanja kuno mukuchidziwa.

Pachipata bwana wina anagoneka lole masiku anayi, ati chidindo chikusowa. Ankafuna ya fanta, ine ndinakana. Mvula inagwa kawiri, tenti ikudontha, iye ali phee pampando, akutokosa m'mano, maso kumbali. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Titafika, wogula anabaya thumba limodzi. Njere zinatuluka zobiriwira, fungo ngati la nyumba yotsekedwa dzinja lonse. Atayeza anati aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, wachuluka, ndipo anakana lole yonse.

Anzanga anati kagayitse, ufa suulula. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika, amawononga chiwindi, ndiye ine ndidyetse ana a eni? Ndinakumbitsa dzenje. Ngongole ya banki m'khonde ndinaibweza chaka chathunthu, njinga yamoto inapitira pomwepo.

Lero ndimayamba ndaluma njere ndisanamasule ndalama. Ikapanda kuthetheka pa dzino, chinyezi chake sichinatsike kufika pa 13 peresenti, ibwerere padzuwa. Ndimasunga m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, pamwamba pa mitengo, osagunda khoma. Mtedza wa anthu owaza madzi kuti asende msanga sindiukhudza, olo akhale wa mlamu wanga.