Cruise ya radar ndiyabwino pa Great East, koma thiraki yoima siyiona

A boss, mwati mwapeza motoka ziwiri za ku Japan, ina ili ndi cruise control wamba, inayo ili ndi ija ya radar imene amati adaptive, mtengo wasiyana, ndipo Lusaka–Chipata pa Great East ndi msewu wanu wa nthawi zonse, ndiye mufuna kudziwa ngati ndalama yoonjezerayo ili ndi phindu. Kwa ine inde ili nalo, pa msewu umenewo makamaka, koma bola mudziwe chimene mukugula, chifukwa anthu ambiri amakamba ngati motokayo idzayamba kudziyendetsa yokha inu muli pa WhatsApp. Ayi ndithu.

Cruise wamba ntchito yake ndi imodzi chabe, kusunga liwiro. Mwafika pa 100, mwadina SET, mwachotsa phazi, basi iyo ikhala pa 100 kaya kutsogolo kuli thiraki ya chimanga kaya kuli ng'ombe, sizikuikhudza. Ndi chinthu chakale kwambiri, Chrysler anaiika kale mu 1958, ndipo amene anaipanga, Ralph Teetor, anali injiniya wakhungu, mwina ndiye chake nayonso sipenya kkkk. Mukaponda buleki imazima, mukadina RES imabwerera pa liwiro lija. Nkhani yake yathera pompo.

Manje vuto lake pa misewu yathu mumalidziwa. Mukangodutsa toll gate ya ku Chongwe mwati eya ndipumitse phazi, simunayende n'komwe patali mwapeza thiraki ikukwawa pa 60, mwaponda buleki, cruise yazima, mwadikira mpata, mwapitirira, mwadina RES, kutsogolo kwabweranso tanka. Pofika ku Rufunsa chala chatopa kuposa phazi limene mumafuna kupumitsa lija. Ndiye chifukwa chake ambiri amene ali ndi cruise wamba kuno saigwiritsa ntchito n'komwe, kabatani kamangokhala katsopano mpaka motoka kugulitsidwa.

Ya adaptive ndipamene imasiyana. Kuseri kwa chizindikiro cha kampani cha kutsogolo kwa motoka, kapena m'munsi mwa bampala, kumakhala ka radar, kachipangizo koyeza mpata pakati pa inu ndi chimene chili kutsogolo, motoka zina zili ndi kamera pamwamba pa windscreen pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, Subaru ndi EyeSight yake imagwiritsa makamera awiri. Inu mumaika liwiro komanso mpata umene mufuna pakati pa inu ndi wakutsogolo. Ikaona thiraki ija ya 60 imachepetsa yokha, mabuleki imagwira pang'onopang'ono, n'kumatsatira kumbuyo pa mpata umene munasankha, thirakiyo ikapatuka kapena inu mukatuluka kuti mupitirire imakweranso kubwerera pa 100. Pa Toyota zambiri mipata ilipo itatu, ndipo pa liwiro la 80 imakhala pafupifupi mamita 50, 40 ndi 30. Ine ndimasiya pa wautaliwo, chifukwa ma thiraki athu ena ma brake light anafa kalekale ndipo mpata wa mamita 30 kumbuyo kwa chinthu chotere sindiukhulupirira. Sichinthu chatsopano ngati mmene ogulitsa amakambira, Toyota anaika ya laser mu Celsior mu 1997, Mercedes anabwera ndi ya radar, Distronic, pa S-Class cha m'ma 1999, kungoti manje yafika mu motoka zimene ife tingakwanitse.

Pamene ndimaikondera ndi apo, ma kilomita oposa 500 kupita ku Chipata, pakati pa Nyimba, Petauke, Katete paja msewu uli bwino, mumafika mwendo usanaume ndipo mutu sutopa ndi kuwerengera mpata nthawi zonse. Komanso imakuletsani chizolowezi chija chokakamira kumbuyo kwa basi ngati mwamangiriridwa. Za ma speed trap zonse ziwiri zimathandiza mofanana, mwaika liwiro lovomerezeka, phazi silikuberani.

Koma apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene anthu amavulalira. Makina amenewa anapangidwa kuti azitsatira galimoto imene ikuyenda. Chinthu choima chilili, makamaka inu muli pa liwiro lalikulu, kawirikawiri sachiwerengera, ndipo m'mabuku a motoka zimenezi analemba poyera. Chifukwa chake n'chakuti radar imaona zinthu zoima zambirimbiri, zikwangwani, milatho, mitengo ya m'mbali, ndiye ikanati izigwira buleki pa chilichonse bwenzi simukuyenda, choncho anaiphunzitsa kuti zoima izizinyalanyaza. Manje ganizirani msewu wathu usiku, thiraki yafera pakati pa lane, palibe triangle, angothyola nthambi n'kuyala pa tara, magetsi onse ozima. Inu muli pa 100, ndiye kuti sekondi iliyonse mukudya mamita pafupifupi 28. Choopsa kwambiri ndi ichi: mukutsatira basi bwinobwino, basi ija yakhota kuzemba thiraki yakufayo, motoka yanu yaona kuti kutsogolo kwayera, m'malo mogwira buleki iyo ikuyamba kuthamanga kubwerera pa liwiro munaika lija, molunjika pa thiraki. Motoka zatsopanoko zili ndi pre-crash (PCS) imene imalira ndi kugwira buleki mwadzidzidzi, koma imeneyo ndi yochepetsa kuopsa kwa ngozi, si yoti muziidalira. Njinga za malasha zija zodzaza matumba mpaka m'mbali, mbuzi, ana a sukulu, ngolo ya ng'ombe, pothole, ma hump a pa trading centre, zonsezi ndi maso anu ndi phazi lanu. Phazi lizikhala pafupi ndi buleki, osati kulipinda pansi pa mpando ngati muli pa sofa.

Pa mapiri a Manenekela popita ku mlatho wa Luangwa, zimitsani, kaya ndi ya mtundu uti. Pa kona yakuthwa radar imataya galimoto ya kutsogolo n'kuyamba kukoka pamene inu mufuna ichepetse, nthawi zina imagwira buleki chifukwa yaona thiraki ya lane ina. Ndipo cruise wamba yambiri pa mtsetse siigwira mabuleki, imangosiya mafuta, liwiro limakwera lokha. Chimodzimodzi mvula ikagwa, tara yanyowa madzi ali ndundundu, musayatse iliyonse, matayala akayandama pamadzi mumafuna kuti phazi lanu likhale ndilo likulamula. Ya radar nthawi zambiri imadzizimitsa yokha mvula ikakula kapena matope akamata pa chizindikiro, imalira ka pii pii n'kulemba uthenga pa dashboard, ndipo poti ndi ya ku Japan uthengawo uli mu Chijapanizi, mumangoona ma character achikasu osadziwa kuti yakwiya chani. Kawirikawiri ndi kungotsika n'kupukuta kutsogoloko ndi kansalu.

Mu town muno mu Lusaka musayembekezere zambiri. Zakale zambiri zimagwira ntchito kuyambira cha pa 40 kapena 50 kupita m'mwamba, liwiro likatsika pansi pa apo imalira kamodzi n'kukusiyirani motoka m'manja, ndiye ngati simunadziwe mumaganiza kuti iima yokha kumbuyo kwa mnzanu, osaima. Zatsopano za all speed zimatsatira mpaka kuima, pa jam ya Great East madzulo kuchokera ku Manda Hill kupita ku Arcades zimathandizako, koma mpata umene imasiya kutsogolo kwa ma minibus athu ndi chiitano, aliyense alowa, iyo igwira buleki, isiyanso mpata, wina alowanso, a kumbuyo ayamba ma hooter. Mufunse ogulitsawo kuti ndi ya mtundu uti mwa ziwirizi, chaka cha motoka ndi grade yake ndi zimene zimanena.

Chinanso chimene ambiri sadziwa, mukagula ya radar mwagula zonse ziwiri. Pa Toyota zambiri mukadina batani la ON-OFF n'kuligwira kwa sekondi imodzi ndi theka imasanduka cruise wamba, pa zakale za ka lever mumakankhira ka leverko kutsogolo n'kugwira pang'ono, pa Honda mumagwira batani la mpata lija. Kungoti muzikumbukira mode imene muli, chifukwa munthu wazolowera kuti imachepetsa yokha ndiye tsiku limenelo ili pa wamba, mudzaona thiraki ikukula pa windscreen motoka osachita kanthu. Ndipo motoka zambiri zakale za msika wa ku Japan cruise yake siilola kuika liwiro lopitirira cha pa 110, musadabwe n'kuyamba kufuna mechanic.

Pa ndalama, musangoyang'ana mtengo wogulira. Mukakonda bull bar, dziwani kuti ikatchinga radar basi yatha ntchito. Kagundidwe kakang'ono ka pa roundabout kamene pa motoka ina mukanangowongola bampala ku garage ya pa komboni, apa radar ikapotoka pang'ono chabe iyenera kuikidwanso mu mzere ndi makina, apo ayi iziona lane ya eni ake. Windscreen ikasweka ndi mwala, pa motoka ya kamera sikungosintha galasi, kamera ifunika calibration, ndipo si aliyense wosintha magalasi ali ndi zida zake. Ngakhale chizindikiro cha kutsogolo chija n'chosiyana, n'chosalala ngati galasi kuti radar idutse, achinyamata akachizula pa parking simungaikepo wamba cha pa salaula ya ma spare.

Ngati motokayo ili kale pa yard muno mu Lusaka, musalipire musanaiyese. Tulukani nayo pa Kafue Road cha ku Shimabala kapena Great North kupita ku Katuba, yatsani, onani ngati pa dashboard pakubwera ka chithunzi ka galimoto ya kutsogolo mukayandikira wina, musinthe mipata itatu ija mumve ngati ikusinthadi, phazi lili pafupi ndi buleki chonde. Poliza injini muonenso kuti ka light ka PCS kapena radar kakuyaka n'kuzima, kakakhalabe koyaka kapena kosayaka n'komwe pali nkhani, mwina inagundidwapo kutsogolo. Ngati mukuitanitsa kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, pemphani chithunzi cha steering chooneka bwino, pakhale batani la kagalimoto kali ndi timizere kutsogolo kwake, chifukwa pa ma advert ena amangolemba cruise control osanena kuti ndi iti.