Mwana wathyokanso mwendo mayi ake ali kundende

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Dzina sinditchula, ndipo zina ndazisintha pang'ono kuti aneba asamuzindikire. Mng'ono wake, yemwe ankagulitsa mandasi, anamangidwa chaka chatha mwana wake wa chaka ndi miyezi itatu atathyoka mkono. Ekisireyi inaonetsanso nthiti yomwe inathyokapo kale n'kupola yokha. Aneba anaikira umboni kuti mwanayo ankalira kwambiri usiku. Khothi la majisitireti linapeza mng'ono wakeyo wolakwa pa mlandu wochitira nkhanza mwana, ndipo mwanayo anapita kwa agogo ake ku Mitundu. Ndiye mwezi watha, mayi ake ali m'ndende, mwana uja wathyoka mwendo akungotsika pakhonde, agogo akuona ndi maso awo. Dokotala yemwe wamuona ulendo uno akuti mwina anabadwa ndi mafupa osalimba. Funso la mayi wondilemberayu ndi lakuti: "Kodi khothi lingavomere kuti linalakwitsa? Kapena tingodikira kuti a Pulezidenti adzamukhululukire pa 6 July?"

Achemwali, pepani kwambiri. Ine si loya, ndineneretu. Koma yankho la funso loyambalo ndi lakuti inde, zimachitika. Vuto ndi loti khothi silidzuka lokha m'mawa n'kukumbukira munthu yemwe linamugamula chaka chatha. Umboni watsopanowo ukufunika munthu wounyamula n'kukauika pamaso pa jaji, ndipo mmene ndikuonera munthuyo ndi inu.

Nditawerenga kalata yanu ndinakumbukira Patricia Stallings wa ku Missouri, ku America. M'chaka cha 1989 mwana wake wakhanda, Ryan, anayamba kusanza ndi kubanika. Akuchipatala atayeza magazi anati muli ethylene glycol, mankhwala omwe amathira mu radiator ya galimoto kumaiko ozizira kuti madzi asaume. Mwanayo anamwalira, mayi n'kumangidwa kuti anamumwetsa poizoni. Akudikira mlandu anabereka mwana wina wamwamuna, yemwe anamutenga n'kukamusunga kwina. Mwana wachiwiriyu, amene mayi ake sankamudyetsa n'komwe, anayamba kudwala chimodzimodzi, ndipo madokotala anapeza kuti ali ndi matenda obadwa nawo otchedwa methylmalonic acidemia. Mukhoza kuganiza kuti nkhani inathera pamenepo. Ayi ndithu. Mlandu unazengedwabe, umboni wa mwana wachiwiri sunaloledwe kufika kwa oweruza mmene unayenera, ndipo kumayambiriro kwa 1991 mayiyo anamugamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Anamasuka pamene akatswiri a pa Saint Louis University ndi Yale anatenganso magazi a Ryan omwe anasungidwa n'kuwayeza mwatsopano, n'kupeza kuti labu yoyamba inasokoneza asidi wa matendawo ndi poizoni. Mlandu unathetsedwa mu September 1991.

Mukuona pomwe ndikulowera? Choonadi chinalipo kale, chikupuma, chikudwala m'manja mwa anthu ena, koma sichinatsegule chitseko mpaka wina atachilemba papepala m'chinenero chomwe khothi limamva.

Choncho mawu a dokotala akuti "mwina" sakukwanira. Matenda omwe akuwaganizirawo, ngati ndi omwe ndikuwadziwa, amatchedwa osteogenesis imperfecta. Thupi silipanga bwino collagen, chomwe chimalimbitsa mafupa, ndiye mwana amatha kuthyoka pomuveka malaya, pomubereka kumbuyo, kapena pogwa pang'ono pomwe mnzake angangodzuka n'kupitiriza kusewera. Ana ena otere choyera cha m'maso mwawo chimaoneka chobiriwira ngati mtambo kapena chotuwa, mano amakhala ofooka, ndipo nthawi zambiri kumtundu kumapezeka wina yemwe ankathyokathyoka ali mwana kapena anagontha makutu asanakalambe. Funsani agogowo, funsaninso kuchimuna. Kenaka pemphani kuti mwanayo atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital kapena kwa dokotala wa mafupa, ndipo zomwe apeze azilembe mu lipoti losainidwa ndi chidindo. Buku la kuchipatala la mwanayo, lija limapindikapindika m'chikwama mpaka chikuto kuthothoka, lisungeni ngati ndalama. Ekisireyi yakale ija muifunefune, chifukwa katswiri akaiona limodzi ndi yatsopano angathe kunena zambiri. Tsiku lomwe mwendo unathyoka nalo ndi umboni, poti mayi ake anali atatsekeredwa kale.

Ndisakunamizeni, n'kuthekanso kuti madokotala adzanena kuti mafupa ali bwinobwino. Ana amamenyedwadi m'makomo mwathumu, ndipo lamulo loteteza ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, silinabwere pachabe. Aneba omwe anakanena kupolisi sindikuwada. Chomwe chimandivuta ine ndi kuthamanga. Mwana akavulala mitima imatentha, aliyense amafuna wina alangidwe lero lomwe, ndipo mayi wosauka yemwe sadziwa kufunsa dokotala mafunso m'khothi amakhala wosavuta kumuloza chala. Kulira kwa mwana usiku ena anakumva ngati kumenyedwa, chonsecho mwana wothyoka nthiti amaliranso usiku popanda womukhudza.

Ndipo si osauka okha. Sally Clark wa ku England anali loya. Ana ake awiri aamuna anamwalira ali makanda, mu 1996 ndi 1998, ndipo mu 1999 anamupeza wolakwa pa mlandu wowapha. Dokotala wotchuka wa ana, Roy Meadow, anauza khothi kuti mwayi woti ana awiri afe mwadzidzidzi m'banja ngati limenelo ndi umodzi pa 73 miliyoni. Akatswiri a masamu anadzatsutsa chiwerengerocho, kenaka kunapezeka kuti zotsatira za kulabu zoonetsa kuti mwana wachiwiri anali ndi tizilombo ta Staphylococcus aureus sizinaperekedwe kwa maloya ake. Anatuluka mu January 2003. Anamwalira mu 2007, mtima usanapole. Ngati loya zinamuchitikira, nanga wamandasi?

Tsopano za kuno kwathu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu wogamulidwa ufulu wokadandaula ku khothi lapamwamba. Mlandu wochokera kwa majisitireti apilo yake imapita ku High Court, ndipo kuno ku Lilongwe iliko. Masiku ochitira apilo ndi ochepa ndipo kwa inu anadutsa kale, koma loya angathe kupempha khothi kuti lilole apilo yochedwa pofotokoza chifukwa chake, komanso kuti lilandire umboni womwe panthawi ya mlandu kunalibe. Akuluakulu anati mlandu suwola. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, yomwe boma linakhazikitsira anthu otere. Kulinso ma paralegal a bungwe la PASI, anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa nkhani za malamulo ngakhale si maloya, omwe amayendera ndende. Muuzeni mng'ono wanuyo kuti akabwera asachite manyazi, alembetse dzina. Popita konseko tengani nambala ya mlandu, dzina la khothi ndi tsiku la chigamulo. Mukapita chimanjamanja adzakubwezani kuti mukazifune, thiransipoti n'kupita pachabe.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunanene m'kalata mwanu, ndipo n'chachikulu: kodi anaukana mlandu kapena anauvomera? Ambiri amavomera chifukwa wina wawanong'oneza kuti ukavomera zitha msanga ubwerere kwa ana. Ngati anavomera, njira ya apilo imapanikizika, ngakhale High Court ili ndi mphamvu younikanso zomwe zinachitika kwa majisitireti, kuphatikizapo ngati munthuyo anamvetsadi chomwe ankavomera.

Za chikhululukiro cha a Pulezidenti, chikabwera musachikane, munthu atuluke akagone kunyumba. Koma dziwani kuti kukhululukidwa ndi kuyeretsedwa ndi zinthu ziwiri. Kathleen Folbigg wa ku Australia anagamulidwa mu 2003 pa imfa za ana ake anayi. Patapita zaka zambiri asayansi anaonetsa kuti ana ake aakazi awiri anali ndi vuto lobadwa nalo mu jini (kachinthu ka m'thupi komwe munthu amatengera kwa makolo) yotchedwa CALM2, lomwe limatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi. Anamukhululukira mu June 2023 n'kutuluka, komabe anapitiriza mpaka khothi la apilo linafafaniza chigamulocho mu December chaka chomwecho. Kwa mng'ono wanu kusiyana kumeneku kudzaoneka tsiku lomwe adzapite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukapempha kuti mwana wake abwerere m'manja mwake. Kumeneko adzayang'ana zomwe zili mufailo.

Pakadali pano, agogo ku Mitundu auzidwe kuti asamunyamule mwanayo pomukoka mikono kapena pomugwira m'khwapa mwamphamvu, ndiponso asalole aliyense kumuwongola mwendo kapena kumutema mphini. Akathyokanso, Mulungu aletse, athamange naye kuchipatala ndipo zilembedwe m'buku lomwe lija. Mukapita kukamuona mng'ono wanu mumufunse za kuvomera kuja, mundilemberenso.