Yankho kwa mayi a ku Tsangano ofuna kumanga nyumba yosungiramo okalamba

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwanena kuti amfumu akupatsani malo, anzanu a ku tchalitchi alonjeza malata ndi simenti, ndipo mukufunsa poyambira kuti mumange nyumba yosungiramo okalamba osauka 30. Ine ndili m'komiti ya nyumba yaing'ono ya mtundu womwewu kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, momwe tikusunga agogo 9, ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi chiyambireni. Mtima umene muli nawowu ndi wabwino kwambiri, koma ndikupemphani kuti njerwa muyambe mwaziimika kaye, ndipo chaka choyamba muchithere m'midzi, kuyendera agogowo kumene akukhala.

Chifukwa chake n'chakuti si wokalamba aliyense wosauka amene ayenera kuchotsedwa pamudzi. Ife tinaphunzira zimenezi mowawa. M'chaka choyamba tinatenga agogo ena aamuna amene nyumba yawo inkadontha ndipo ankagona ndi njala. Tinawapatsa bedi, bulangete ndi chakudya katatu patsiku, koma m'mawa uliwonse ankamanga zovala zawo m'kathumba n'kukakhala pakhomo la mpanda, kufunsa aliyense wodutsa ngati mapichesi a kuseri kwa nyumba yawo achita maluwa ndiponso ngati nkhuku zawo zikutsekeredwa madzulo. Nsima ankangoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Patatha miyezi inayi tinamva kuti achibale ayamba kale kugawana munda wawo. Tinawabweza kwawo, anyamata a mpingo anafolera nyumba, mdzukulu wina anavomera kumawatungira madzi, ndipo ife timapititsako ufa, nyemba ndi sopo kawiri pamwezi. Mpaka lero ali moyo ndipo amalima kadimba. M'kuwerengera kwathu, ndalama zosungira munthu mmodzi m'nyumba mwathu zimakwanira kuthandiza atatu kapena anayi ali kwawo.

Alipo ndithu amene alibiretu kolowera, ndipo nyumba yanu idzakhala ya amenewo. Ambiri a iwo ndi amayi. Dera lathu lino linabalalika pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pobwerera mabanja ena sanasonkhanenso. Kenako matenda a Edzi anatenga ana amene akanasamala makolo awo. Pamwamba pa izi pali nkhani ya ufiti. Gogo akayamba kuiwalaiwala, kudzuka usiku n'kumayendayenda osavala bwino, kapena kuitana mayina a anthu amene anamwalira kalekale, pamudzi amati akutamba, pamene ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba. Agogo ena aakazi amene tili nawo tinawapeza akugona m'kachisakasa kophikira kopanda chitseko, mwezi wa Julayi, atathamangitsidwa mwana wa mphwawo atamwalira. Kuzizira kwa Julayi ku Tsangano mukukudziwa kuposa ine. Munthu wotere sangathandizidwe ndi thumba la ufa lokha, chifukwa chimene akusowa ndi malo oti agone popanda kuopa kugendedwa.

Musanalandire aliyense, khalani pansi ndi mwini mbumba, anyakwawa ndi wogwira ntchito wa ku ofesi ya boma yoona zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu, ija timaitchula kuti SDSMAS, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Mulembe kuti munda ndi nyumba zidakali za agogowo, kuti achibale azibwera kudzawaona, ndiponso kuti akadzamwalira adzaikidwa kuti ndipo adzawanyamula ndani. Nkhani ya maliroyi musachite nayo manyazi. Maliro athu oyamba anatigwera usiku, foni ya wachibale amene anatisiyira nambala sinkagwira, ndipo amfumu a m'dera lathu sakanalola mlendo kuikidwa kumanda kwawo popanda mawu a eni ake, zomwe n'zoyenera mwa mwambo wathu. Mtembo unakhala masiku awiri tikusakasaka abale, bokosi tinachita kukongola, ndipo agogo otsalawo ankaona zonsezi n'kumadziwa kuti tsiku lina zidzakhala choncho kwa iwo. Kuchokera pamenepo tili ndi ndalama yapadera ya bokosi ndi galimoto imene sitiikhudza ngakhale ufa utatha, ndipo kwa gogo aliyense timasunga manambala a achibale awiri pamodzi ndi dzina la mfumu ya kwawo.

Za ndalama ndinene mosabisa. Anthu amakonda kupereka malata chifukwa malata amaoneka ndipo amaperekedwa kamodzi, koma opereka sopo mwezi ndi mwezi ndi ochepa. Kwathu agogo 9 ndi antchito atatu amatha matumba a chimanga pafupifupi anayi a makilogalamu 50 pamwezi, kuwonjezapo chigayo, nyemba, mafuta ophikira, mchere, shuga ndi nkhuni. Sopo amatha modabwitsa, pakuti ena sadziletsa pogona ndipo zofunda zimachapidwa tsiku lililonse, kenako nthawi ya chiperoni n'kukana kuuma, choncho munthu mmodzi amafunika mabulangete atatu. Mukakolola anthu amabweretsa mbatatesi ndi chimanga mpaka nkhokwe kudzaza, koma pofika Januwale ndi Febuluwale operekawo nawonso amakhala ali pa njala. Ndalama ya INAS, nthambi ya boma yothandiza ovutika, imene okalamba ena amalandira, yomwe mu 2018 inaikidwa pa mametikali 540 pamwezi kwa munthu wokhala yekha, musaiike pa bajeti yanu. Ndi yochepa, sifika mwezi uliwonse, ndipo mwini wake ndi gogoyo, woti agulire fodya wake wa m'mphuno kapena kupatsa mdzukulu wobwera kudzacheza. Muyambe ndi anthu amene mungawadyetse chaka chathunthu popanda kudalira lonjezo la munthu, ngakhale atakhala anayi okha.

Mapepala ndi otopetsa koma njira yake ndi yodziwika. Lamulo la mabungwe, nambala 8/91, limafuna anthu oyambitsa osachepera 10, malamulo a bungwe olembedwa, chivomerezo cha boma ndi kusindikizidwa mu gazeti ya boma, Boletim da República. Mukatero mutenge NUIT, nambala ya msonkho, ndi kutsegula akaunti ya kubanki yosainira anthu oposa mmodzi. Mawu a amfumu pa malo ndi chiyambi chabwino, koma popeza nthaka m'dziko muno ndi ya boma, mufunefune DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, m'dzina la bungwe, kuti ana a munthu aliyense asadzanene kuti malowo ndi cholowa chawo. Muwerengenso lamulo nambala 3/2014, loteteza anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo. Agogo ambiri mudzawapeza alibe BI, chiphaso cha unzika, ndipo kuwathandiza kuti aipeze ndi ntchito yoti muiyambe pa maulendo oyambirira omwewo.

Chinthu chimene chimagwetsa nyumba zoterezi ndi usiku. Masana amayi a mpingo amabwera mokondwa kudzaphika ndi kusesa, koma wodzuka pakati pa usiku kukatembenuza gogo wosatha kudzuka, kuti asachite zilonda za kumsana ndi m'chiuno, ayenera kukhala wolembedwa ntchito ndi kulipidwa, ndipo musaiwale kumulembetsa ku INSS, thumba la boma la penshoni ya antchito. Wodwala wotere amatembenuzidwa pakatha maola awiri alionse. Agogo aakazi asambitsidwe ndi amayi, aamuna ndi abambo, ndipo aitanidwe ndi mfunda wawo monga ankaitanidwira kwawo, chifukwa ulemu ndi chinthu chimene munthu wosiyidwa amachilira kwambiri. Mukhale ndi kope lolembamo mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga, ndipo mugwirizane ndi namwino wa pachipatala chapafupi kuti azidzawaona.

Nthawi yomanga ikadzakwana, zipinda zinayi n'zokwanira poyamba. Pasakhale masitepe, zitseko zikhale zazikulu zolowa njinga ya olumala, chimbudzi chikhale pafupi, chokhala ndi mpando ndi pogwira, ndipo khonde liyang'ane kotulukira dzuwa kuti aziwothera m'mawa. Musiyenso kamalo koti azidzalapo mpiru ndi kuweta nkhuku. Ngati mungathe, bwerani kuno ku Ulongwe ndi anzanu awiri a m'komiti mwezi wa Febuluwale, mudzagone usiku umodzi pamodzi ndi mayi amene amagwira ntchito usiku, ndipo ndidzakuonetsani kope lathu la ndalama tsamba ndi tsamba.