Za kachikumbu kosungika mu utomoni wakale

Achimwene, mwafunsa kuti zingatheke bwanji kuti akatswiri aone ziwalo za kachikumbu komwe mtundu wake unatha kalekale. Yankho lili mu utomoni. Mukapita ku Chikangawa mudzaona kuti paini akatemedwa amatulutsa utomoni womata, ndipo tizilombo timakodwamo. Utomoni wotero ukakwiririka pansi kwa zaka mamiliyoni ambiri umauma gwa n'kusanduka amber, koma kuwala kumadutsabe mkati mwake.

Chitsanzo chabwino ndi Kekveus jason, kachikumbu kopezeka mu amber wa ku Myanmar, dziko la ku Asia, komwe katswiri wa tizilombo Shuhei Yamamoto ndi anzake anakafotokoza mu 2018. Kanakhalako zaka pafupifupi 99 miliyoni zapitazo, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi theka la milimita, moti popanda maikulosikopu mungakayese fumbi. Chondichititsa chidwi kwambiri ndi mapiko ake owulukira: ndi opyapyala, ozingidwa ndi tiubweya ngati nthenga, zomwe zimathandiza tizilombo ting'onoting'ono chotere kuyandama mumphepo. Pamsana pake, kuseri kwa mutu, pali timizere titatu tokumbika, ndipo timeneti ndi tina mwa zizindikiro zomwe zinakasiyanitsa ndi abale ake amoyo lero.